PULOFESA SAKA, CINANGWA NDI MBALE YATHU YA NSIMA

Owerenga athu, mlungu uno m'danga lathu lino tifuna kukamba za nchito imene ambiri a ife kumidzi sitiidziwa bwino, ngakhale kuti zipatso zake zimafika mpaka pa mbale ya nsima. Nchito imeneyi ndi ya akatswiri a kemisitiri. Pano pa Chipata munthu akati apita ku kemisiti timadziwa kuti apita ku sitolo kukagula mankhwala a mutu kapena a cifuwa. Koma katswiri wa kemisitiri amene tikumunena lero sagulitsa kanthu ai. Iye ndi munthu amene anaphunzira kusanthula cinthu ciri conse, kaya ndi madzi, dothi, ufa kapena cipatso, kufikira atadziwa zimene ziri m'kati mwake, kuculuka kwake, ndiponso zimene zimacitika cinthuco cikaphikidwa, cikabviikidwa kapena cikayanikidwa padzuwa.

Tiri naco cifukwa cokambira nkhani imeneyi. Ife a Cigawo ca Kum'mawa tinazolowera kuika mtima wathu wonse pa cimanga, ndipo mvula ikakana timakhala manja ali m'khosi. Akulu-akulu akukumbukira cilala ca 1992 ndi njala ya 2002. Ang'ono-ang'ono nawonso anadzionera okha mu 2024, pamene pa 29 February Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala casanduka tsoka la dziko lonse, pakuti mahekitala okwanira 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga anali atapsa ndi dzuwa. Nthawi iri yonse zotere zikacitika, alangizi a zaulimi amatiuza kuti tibzalenso cinangwa, cifukwa cimapirira dzuwa ndipo cimakhala pansi kudikira mwini wake. Malangizo amenewa ndi oona. Koma cinangwa ciri ndi mwambo wake umene ife odya cimanga sitinakule nao, ndipo munthu wosadziwa mwambowo akhoza kubvulaza naco ana ake. Mmodzi mwa anthu amene anathera zaka zambiri kufufuza mwambo umenewu ndi mnansi wathu wa ku Malawi, Pulofesa John Kalenga Saka.

MPHUNZITSI WA KU ZOMBA

A Saka anaphunzitsa kemisitiri zaka zambiri pa Chancellor College ku Zomba, sukulu imene inali nthambi ya University of Malawi. Anakwera makwerero onse a maphunziro kufikira anapatsidwa udindo wa Pulofesa. Mu 2013 anasankhidwa kukhala Vice Chancellor, ndiye kuti mkulu woyendetsa yunivesite yonseyo, ndipo pambuyo pake anatsogoleranso Mzuzu University kumpoto kwa dzikolo.

Maudindo amenewa ndi akulu, koma si amene atipangitsa kulemba za iwo. Cimene catikoka mtima ndi zinthu zimene anasankha kufufuza. Munthu wophunzira cotere akanatha kuthera moyo wake pa zinthu zimene mlimi wa kwa Mpezeni kapena wa kwa Kawaza sadzaziona ndi maso. Koma mukayang'ana zolemba za a Saka ndi anzao mupezamo cinangwa, koko, mbatata, masuku, maula ndi malambe, zakudya zomwezo zimene amai athu amasenza padengu. Kuti timvetse zimene anapeza, tiyambe tadziwa cinthu cimodzi cimene ciri m'zakudya zimenezi, cimene dzina lake ndi sitachi.

KODI SITACHI N'CIANI?

Ambiri timadziwa sitachi monga ufa woyera umene ocapa zobvala amaumitsira makolala a malaya. Koma kunena zoona timadya sitachi tsiku ndi tsiku, pakuti nsima ndi sitachi yophika. Sitachi ndi nkhokwe ya mbeu. Masamba amatenga kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya napanga shuga. Tsono mbeu imalumikiza tizidutswa ta shugayo monga mmene mai amatungira mikanda pa ulusi, niunjika zingwezo pa malo amodzi: cimanga cimaunjika m'njere, cinangwa ndi mbatata zimaunjika m'mizu. Ife tikadya, thupi limadula zingwezo kuti zibwerere kukhala shuga, ndipo mphamvu zolimira zimacokera pamenepo.

Zingwe zimenezi ziri mitundu iwiri. Wina ndi wowongoka ngati luzi, ndipo akatswiri amaucha amylose. Wina uli ndi nthambi zambiri ngati citsamba, ndipo amaucha amylopectin. M'sitachi ya cimanga, pa magawo 100 ali onse, magawo ngati 25 ndi a zingwe zowongoka. M'sitachi ya cinangwa zowongokazo ndi zocepa, magawo ngati 17 kufikira 20. Kusiyana kumeneku, pamodzi ndi zina, ndiko kumacititsa kuti nsima ya cimanga idzinyemeka bwino m'manja pamene ya cinangwa imatamuka ndi kumata ku zala.

Mbeu imasunga zingwezo m'timibulu tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. M'madzi ozizira timibuluto timangokhala pansi. Koma madzi akatentha kufika madigiri 60 kapena 70, timamwa madzi, timatupa, ndipo tina timaphulika. Ndiyo nthawi imene mai amaona phala likulimba nayamba kubvundula ndi mphamvu. Nsimayo ikazizira zingwe zija zimabwereranso kugwirana, n'cifukwa cake mkute wa m'mawa umakhala wolimba. Mwana wanu wa ku sekondale akhoza kukuuzani kuti mphunzitsi akadonthezera mankhwala a ayodini pa kadutswa ka mbatata, pamasanduka pakuda mobiriwira, kusonyeza kuti muli sitachi. Pamenepo ndi pamene a Pulofesa onse a nchito imeneyi anayambira.

ULULU UMENE ULI M'CINANGWA

Cinangwa cinacokera ku South America, ndipo cinabwera ku Africa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Muzu wake uli ndi sitachi yambiri, koma ulinso ndi mlonda wake. M'cinangwa ciri conse, cokoma ndi cowawa comwe, muli mankhwala ochedwa linamarin. M'menemonso, koma m'zipinda zina, muli cinthu cina cochedwa linamarase cimene nchito yake ndi kuphwanya linamarin. Ziwirizi zimakhala zolekana monga mmene munthu wanzeru amalekanitsira palafini ndi moto. Muzu ukasendedwa, ukasinjidwa kapena ukafewa m'madzi, zipinda zija zimasweka, ziwirizo zimakumana, ndipo pamatuluka ululu wochedwa sayanaidi.

Mwai wake ndi wakuti ululu umenewu suchedwa kuuluka, pakuti umasanduka mpweya pa madigiri 26 okha, kutentha kumene dzuwa la kwathu kuno limapitirira masiku ambiri. Cotero nchito yonse yokonza cinangwa ndi yakuti ziwiri zija zikumane msanga, ululu utuluke ndi kuuluka cinangwaco cisanalowe m'mimba. Mitundu yokoma, monga Manyokola amene timagula pa msika ndi kukazinga kapena kuphika, iri ndi ululu wocepa m'kati mwa muzu. Mitundu yowawa iri nao wambiri kowirikiza. Makungwa ndi masamba ali nao wambiri kuposa m'kati, ndipo caka ca cilala ululu umaonjezeka m'mizu. Bungwe la maiko loika malamulo a zakudya, la Codex Alimentarius, linaika malire akuti m'kilogalamu imodzi ya ufa wa cinangwa musapitirire mamiligalamu 10 a ululuwu.

Zimene zimacitika malire amenewa akapitirira zinaoneka ku Mozambique mu 1981. M'cigawo ca Nampula munali cilala, mbeu zina zonse zinafa, ndipo panatsala cinangwa cowawa cokha. Cifukwa ca njala anthu sanathe kudikira masiku okonzera, nayamba kudya ufa wosakonzeka bwino, wopandanso ndiwo zokwanira. Anthu oposa 1,000, makamaka ana ndi amai, anauma miyendo mwadzidzidzi. Dotolo wa ku Sweden, a Hans Rosling, amene panthawiyo anali kugwira nchito ku Nacala, anali mmodzi mwa amene anafufuza mliriwo. Matendawa amachedwa konzo, dzina locokera kwa anthu a mtundu wa Yaka a ku Congo, kumene dotolo wina dzina lake Giovanni Trolli anayamba kulemba za iwo mu 1938. Konzo sapatsirana, koma miyendo ikauma sibwereranso, ndipo mwana amayenda ndi ndodo moyo wake wonse. Tisaganize kuti ndi za kutali, pakuti mu 2020 madotolo anasindikiza lipoti la matenda omwewa m'Cigawo ca Kumadzulo kwa dziko lathu lino la Zambia.

ZIMENE AMAI A KU NKHATA BAY ANAPHUNZITSA OPHUNZIRA

Atamva za konzo, anthu ambiri ophunzira anaganiza kuti mankhwala ake ndi apafupi: auzeni alimi aleke mitundu yowawa, abzale yokoma yokha. Koma ku Nkhata Bay, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kumene Atonga amadya nsima ya cinangwa yochedwa kondowole pafupi-fupi tsiku liri lonse, alimi anali kukonda mitundu yowawa yomweyo, monga Gomani. Kodi anali kucita zimenezi cifukwa ca umbuli?

M'zaka za m'ma 1990 kagulu ka akatswiri kanapita kukafunsa. Munali Mai Linley Chiwona-Karltun, Mmalawi wophunzira za kadyedwe, amene analandira digiri ya udokotala ku Karolinska Institutet ku Sweden mu 2001. Munali a Jonathan Mkumbira a pa malo ofufuzira zaulimi a Mkondezi. Munali a Rosling aja. Ndipo mbali ya kemisitiri munali a Saka. M'malo moyamba ndi kulangiza, iwo anayamba ndi kuchera khutu. Zimene anamva anazisindikiza mu 1998. Alimi, makamaka amai, anati cinangwa cowawa cimadziteteza cokha. Mbala siingazule usiku ndi kudya pomwepo. Anyani ndi nguluwe samacikonda. Ngakhale ana ndi anthu a pabanja pomwepo sangamangozula mwacisawawa, cotero mai ndiye amalamula tsiku lokolola, ndipo cakudya cimafika kumene anacilinganiza. Kwa mai wokhala yekha wopanda mwamuna womulondera munda, kuwawako ndiko mpanda wake. Ananenanso kuti mitundu yowawa imabereka bwino ndipo ufa wake ndi woyera ndi wokoma ukakonzedwa.

Amaiwo ananenanso kuti iwo amadziwa muzu woopsa pongolawa kansonga kake. Apa ndi pamene panafunika katswiri wa kemisitiri, pakuti mau otere safunika kuwabvomera kapena kuwakana ndi pakamwa cabe, koma kuwayesa. Anazula mizu ya mitundu yosiyana-siyana, anthu nalawa ndi kunena kuwawa kwa muzu uli wonse, ndipo mbali ina ya muzu womwewo inapimidwa m'nyumba yopimiramo kuti aone kuculuka kwa linamarin. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2004 m'magazini ya akatswiri yochedwa Journal of the Science of Food and Agriculture, ndipo zinasonyeza kuti lilime la amai ndi makina a ophunzira zinali kunena cimodzimodzi: muzu ukawawa kwambiri, ululunso ndi wambiri. Kafukufuku wina wa Mai Chiwona-Karltun ndi anzao, wa mu 2000, anapima mikodzo ya amai a kumeneko napeza kuti ngakhale amadya cinangwa cowawa kawiri-kawiri, ululu wofika m'thupi mwao unali wocepa, cifukwa amabviika mokwanira.

Phunziro lake ndi lalikulu. Coopsa si cinangwa cowawa, koma kufulumira ndi kusadziwa. Ndipo ulemu wa a Saka ndi anzao uli pakuti sanapeputse nzeru za amai a kumudzi, koma anaziika pa sikelo, nazipeza kuti ndi zolemera, nazilemba kuti dziko lonse liwerenge. Mau a akulu akoma akagonera.

MALANGIZO KWA IFE A KUNO KUM'MAWA

Amai a ku Nkhata Bay ndi a ku Luapula anaphunzira mwambo wa cinangwa kwa amai ao. Ife ambiri a ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke tikuyamba kumene, tsono tiyenera kufunsa, pakuti safunsa anadya phula.

Coyamba, dziwani mtundu umene mwabzala. Akatswiri athu a za mbeu za mizu ku Luapula anatulutsa mitundu ya Bangweulu, Kapumba ndi Nalumino mu 1993, ndipo mu 2000 anatulutsanso Mweru, Chila, Tanganyika ndi Kampolombo. Ina mwa imeneyi ndi yokoma, ina ndi yowawa. Polandira mitengo yobzala funsani mlangizi wa zaulimi dzina lake ndi makonzedwe ake.

Caciwiri, muzu wowawa usadyedwe wauwisi, wootcha kapena wongowiritsa, ndipo ana auzidwe zimenezi momveka. Sendani makungwa onse, bviikani mizu m'madzi masiku 3 kufikira 5 mpaka ifewe ndithu, ndipo nyengo yozizira onjezani masiku. Tsukani, finyani, phwanyani tizidutswa, yanikani padzuwa mpaka ziume gwa, ndipo pamenepo sinjani. Madzi obviikiramo musapatse ziweto.

Cacitatu, ngati mwagula ufa umene simudziwa makonzedwe ake, pali njira imene anaipeza katswiri wina wa kemisitiri, a Howard Bradbury a ku Australian National University. Sakanizani ufawo ndi madzi kuti unyowe wonse, uyaleni mopyapyala pa lichero kapena pa mphasa, kosapitirira msinkhu wa cikhadabo, ndipo muusiye maola 5 pamthunzi kapena maola 2 padzuwa musanaphike. Njira imeneyi inathandiza kuletsa konzo m'midzi ina ya ku Congo.

Cacinai, cigwada cisinjidwe bwino ndi kuwiritsidwa mokwanira mu mphika wosabvundikira, kuti ululu upeze potulukira.

Cacisanu, nsima ya cinangwa isadyedwe ndi mcere wokha. Muzu wa cinangwa uli ndi zomanga thupi zocepa kwambiri, pamene thupi limafuna zomanga thupi zomwezo kuti lisandutse ululu wotsala ndi kuutaya m'mikodzo. Ife tiri ndi mwai pakuti kuno ndi kwao kwa nsawa za Chalimbana, nyemba ndi nyama ya nkhuku. Tsono munthu akamva cizungulire, mutu ndi kusanza atadya cinangwa, kapena mwana akayamba kulemera miyendo, lekani ufawo nthawi yomweyo ndipo thamangirani ku cipatala.

KODI UPULOFESA UMAPEZEKA BWANJI?

Ena mwa owerenga athu amafunsa kuti kodi munthu amacita ciani kuti achedwe Dokotala pamene sapereka jekeseni, kapena Pulofesa. Njira yake ndi yaitali. Akatsiriza sekondale amaphunzira zaka 4 pa yunivesite kuti alandire digiri yoyamba. Kenaka pali digiri yaciwiri ya zaka ngati 2. Pambuyo pake pali digiri ya udokotala ya zaka 3 kapena kuposa, imene munthu salandira cifukwa coloweza za m'mabuku, koma cifukwa copeza cinthu catsopano cimene sicinalembedwe ndi wina ali yense.

Akatero nchito ndiye yayamba. Ciri conse cimene wapeza amacilemba ndi kucitumiza ku magazini ya akatswiri. Akonzi amapereka colembaco kwa akatswiri ena, kawiri-kawiri a maiko ena, amene wolembayo sauzidwa maina ao. Iwo amacisanthula monga mmene nduna zimafunsira mboni pa bwalo la mfumu: unapima bwanji, unapima kangati, wina akabwereza adzapeza zomwezo kodi? Cikalephera cimabwezedwa. Cikapambana cimasindikizidwa, ndipo akatswiri ena akamacigwiritsa nchito ndi kucichula m'zolemba zao, dzina la mwini wake limakula. Yunivesite pokweza munthu imawerenga zolemba zimenezi, imayang'ana kaphunzitsidwe kake, ndiponso imawerenga ophunzira amene iye anawalera kufikira naonso atakhala akatswiri. Cotero upulofesa uli ngati nkhokwe: sudzala tsiku limodzi, ndipo anthu amaona okha ngati muli cimanga kapena mankhusu.

AMENE ANATSATA M'MAPAZI

Mtengo umadziwika ndi mphukira zake. Mmodzi mwa amene anagwira nchito ndi a Saka pa kemisitiri ku Chancellor College ndi a Davies Mweta, amene analandira udokotala mu 2009 ku University of the Free State mu mzinda wa Bloemfontein ku South Africa, atafufuza sitachi ya koko ndi ya mbatata za ku Malawi. Mu 2008 a Mweta, a Saka ndi anzao anasindikiza zimene anapeza poyerekeza sitachi ya koko ndi ya cinangwa. Cimodzi mwa zimene anaona ndi cakuti timibulu ta sitachi ya koko ndi tating'ono kwambiri kuposa ta cinangwa, ndipo cifukwa ca zimenezi ziwirizi zimatupa ndi kulimba mosiyana zikaphikidwa. Pambuyo pake a Mweta anakagwira nchito ku Malawi University of Science and Technology ku Thyolo. Winanso wa m'kagulu komweko ndi a Ibrahim Benesi, amene anagwira nchito pa malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, amene inu opita ku Lilongwe kudzera pa Mwami ndi Mchinji mumawadutsa m'mbali mwa mseu. Iwo analandira udokotala ku Bloemfontein komweko mu 2005, atapima mitundu yambiri ya cinangwa kuti aone umene umatulutsa sitachi yambiri ndi yoyenera m'mafakitale.

Wina angafunse kuti kukula kwa kambulu kosaoneka ndi maso kuli ndi phindu lanji kwa mlimi. Yankho liri pa msika. Mafakitale amagula sitachi yambiri: amamatira makatoni, amalimbitsira ulusi woombera nsalu, amaumbira mapiritsi a m'cipatala, amapangira mapepala, ndipo ngakhale ku migodi imathandiza polekanitsa miyala ya mtengo wapatali ndi dothi. Nchito iri yonse imafuna sitachi ya khalidwe lake, ndipo mwini fakitale sagula cinthu cimene sicinapimidwe. Cifukwa ca ici maiko athu anakhala akutaya ndalama kuitanitsa sitachi kunja pamene cinangwa ciri m'munda. Cinangwa cikazulidwa cimayamba kuonongeka patapita masiku 2 kapena 3 okha, koma cikasanduka makaka ouma, ufa kapena sitachi cimasungika miyezi ndipo cimayenda ulendo wautali. Makilogalamu 4 kapena 5 a mizu yaiwisi amatulutsa kilogalamu imodzi ya sitachi. Kuno kwathu tinaona citsanzo m'zaka za m'ma 2010, pamene kampani ya Zambian Breweries inayamba kugula cinangwa couma kwa alimi ang'ono-ang'ono a ku Luapula cofululira mowa wa Eagle. Khomo lotere limatseguka pokhapo wina atayamba wapima ndi kulemba.

ZIPATSO ZA M'CHIRE

Mbali ina ya nchito ya a Saka imatikhudza ife pafupi kwambiri. Mu 1994 iwo ndi mnzao wa kemisitiri, a Jerome Msonthi, anasindikiza zimene anapeza atapima zipatso za m'chire za ku Malawi, kuti aone zakudya zimene ziri m'menemo. Kufufuza kotere kunaonetsa poyera kuti zipatso zimene ena amaziyesa za abusa a ng'ombe ndi cuma ca thupi. Mwa citsanzo, ufa wa malambe uli ndi vitamini C wambiri kuposa malalanje. Pambuyo pake a Saka anagwirizana ndi bungwe la ICRAF, loona za kulima mitengo pamodzi ndi mbeu, pofufuza njira zopangira zakumwa ndi jamu kucokera ku masuku, maula ndi mateme. Bungwe lomweli linagwiranso nchito zaka zambiri pa Msekera pompano pa Chipata. Mitengo imene a Saka anapima ndi yomweyo imene iri m'mapiri athu, pakuti malire a pa Mwami sanalekanitse nkhalango. Cotero pamene mukweza nkhwangwa pa msuku kuti muotche makala, kumbukirani kuti m'miyezi ya njala, cimanga cisanace, mtengo umenewo ndiwo umadyetsa ana.

MAU KWA MAKOLO NDI ANA A SUKULU

Nkhani ya a Saka ndi ya ku Malawi, koma mafunso amene akudikira mayankho ali m'minda yathu. Kodi Manyokola wolimidwa m'dothi la ku Vubwi ali ndi ululu wofanana ndi wa ku cigwa ca Luangwa m'caka ca dzuwa? Kodi ufa wa cinangwa usakanizidwe motani ndi wa cimanga kuti nsima ikomere munthu wa kuno? Kodi mbatata zathu zingapereke sitachi yogulitsa? Mlendo wocokera kutali sadzabwera kudzatifunsira zimenezi caka ndi caka. Afunika ana athu omwe, odziwa cinenero ca amai ao, amene angakhale pa mphasa ndi kumvetsera monga anacitira anzathu aja ku Nkhata Bay, nabwerera ku makina kukayesa zimene amva.

Njira iripo. University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, imaphunzitsa kemisitiri ndiponso sayansi ya zakudya. Bungwe la boma lofufuza zaulimi, limene likulu lake liri ku Mount Makulu, liri ndi nthambi yake pa Msekera. Koma khomo la zonsezi liri m'kalasi la sayansi ndi masamu pa Chizongwe, pa St. Monica's ndi pa masukulu ena onse a m'cigawo cino. M'mera mpoyamba. Inu makolo, mwana akabwera kunyumba nanena kuti sayansi ndi yobvuta, musamuuze kuti aisiye. Ndipo mwana wamkazi musamutsalitse, pakuti mwaona kuti pa nkhani ya cinangwa nzeru zinacokera kwa amai, ndipo amene anatsogolera kuzilemba analinso mai.

Tsono pamene mvula ikuyandikira, pezani mitengo ya cinangwa yopanda matenda, funsani dzina lake kwa mlangizi, ndipo mubzale ngakhale mizere yocepa pambali pa cimanga. Ikafika nthawi yozula, lawani kansonga ndi kulabvula. Mukamva kuwawa, tengani mtsuko ndi madzi, ndipo muwerenge masiku osafulumira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tidzakumananso m'danga lomwe lino mlungu wa mawa.